Funso limene a Namaseko sanafunse

Fungo la mtedza wokazinga mumchenga likandipeza, ngakhale nditapanikizika m'minibasi pa depoti, ndimawaona a Namaseko atakhala pa kampando kawo pakhomo, mbaula ili pakati pa miyendo, akuvundula chiwaya chakuda ndi chipande chothyoka, utsi wa makala onyowa ukuwalowa m'maso koma iwo osatembenuza nkhope, kwinaku nyundo ya Che Saidi ikugogoda malata kuseri kwa nyumba ndipo mawu oitanira anthu ku swala akumveka kuchokera ku mzikiti wa kumsika.

Tinkakhala ku Area 2, kuseri kwa masitolo, pa malo a Che Saidi, Myawo wokhoma zidebe ndi mbaula. Nyumba zake zinali za mdadada, zitseko zonse zoyang'ana pa bwalo limodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi, choncho munthu ukayetsemula m'nyumba mwako pamalo ponse ankadziwa kuti wadwala chimfine. Adada anali kalaliki ku Capital Hill, Mtumbuka wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu wosita ngakhale kampango ka m'thumba. Ankadikira nyumba ya boma ku Area 15, ndiye ankakonda kutikumbutsa kuti pano tikungodutsa. Kudutsa kwake kunali kwa zaka, moti mng'ono wanga anabadwira pomwepo mpaka kuyamba sukulu.

Khomo lotsatana ndi lathu linali la a Namaseko. Anathawa nkhondo ku Mozambiki, kwawo ku Angoniya, n'kukhala kaye ku msasa wa othawa nkhondo cha kumalire asanabwere m'tauni ndi chiwaya chawocho. Chichewa chawo chinali ngati cha ku Dedza, koma akapsa mtima ankaponyamo Chipwitikizi. Sanali munthu wa nthano kapena wa chiseko ayi. Ana tinkawaopa. Ukangoti utoleko kamtedza kamodzi, chipande chinkakupeza pa zala usanakweze n'komwe dzanja.

Koma ine ndinali ndi mwayi wowawa. Loweruka lililonse ankandiitana, "Tiwonge, bwera ndi chipeso." Ankandikhazika pakati pa mawondo awo n'kundiluka tsitsi mokoka kwambiri moti nsidze zinkakwera m'mwamba, ndipo ndikalira ankangoti, "Khala bwino iwe, mutu sukuthothoka." Tsiku lina ndinadandaula kwa amama kuti agogo awa amandizunza dala. Amama anandikokera kuchipinda n'kundiuza motsitsa mawu. Asilikali a m'tchire atalowa m'mudzi mwa a Namaseko anapha amuna awo, n'kutenga ana awo awiri: mnyamata dzina lake Juwawo, ndi kamtsikana, Rozina, kamene panthawiyo kanali msinkhu wangawo. Kuyambira pamenepo sanamve chilichonse za anawo. Loweruka lotsatira ndinapita ndekha ndi chipeso asanandiitane.

Juwawo anafika nkhondo itatha, m'nyengo ya fumbi, dzuwa lili paliwombo. Ndinali pa mpopi ndikutsuka mbale pamene ndinaona mnyamata wamtali, wowonda, atavala jekete lausilikali lopanda mabatani, saka ili paphewa, ataima pa geti osanena odi. Tinamva pambuyo pake kuti anayenda m'misasa akufunsafunsa mpaka wina anamulozera kuno. A Namaseko atakweza maso, chipande chinagwera m'chiwaya. Anaimirira, n'kuyamba kupita kwa iye manja atatambasula, kenako anaima chilili n'kubweza manjawo kumbuyo, n'kuwagwiranitsa kumsana.

"Juwawo."

"Ndine, amayi."

"Ima pomwepo. M'thumbamo muli chiyani?"

Mnyamatayo anagwiritsa saka ija ndi manja awiri.

"Ndiye pakhomo pano usafike," anatero a Namaseko. Mtedza unapserera wonse tsiku limenelo, ndipo palibe amene anakumbuka kuphula chiwaya.

Che Saidi anamuyalira makatoni mu shedi yawo yokhomeramo zidebe, tsidya lina la bwalo. Amama sanathe kuugwira mtima. Madzulo ake anapita kwa a Namaseko, ine ndili m'mbuyo mwawo. "Amayi, mwana wanu wabwera wamoyo, inu n'kumuimika panja ngati wogulitsa makala? Mtima wanu ndi wotani?"

A Namaseko anayankha akuyang'ana ku shedi. Anati kwawo munthu wochokera kunkhondo salowa m'nyumba, chifukwa amabwera ndi mizimu ya anthu amene anafera pamaso pake, ndipo ikalowa nawo imadwalitsa banja lonse, kuyambira iye mwini. Ayenera ayambe wasiya chida. Kenako amapita naye kumtsinje, kumutenthera zovala zakunkhondo, n'kumusambitsa ndi mankhwala. Kufikira pamenepo samukhudza, samupatsira chakudya m'manja, sadya naye mbale imodzi. "Ndipo akatuluka m'madzimo nkhani ya nkhondo yatha," anatero. "Iye sanenanso, ife sitifunsanso. Mpaka kumanda."

Basi ine ndinasanduka mtengatenga. A Namaseko, amene masiku onse ankadya nyemba ndi masamba, anayamba kugula nkhuku. Ankapakula m'mbale ya Juwawo yekha, kuvundikira, n'kundipatsa kuti ndiwoloke nayo bwalo. Juwawo ankadya mothamanga atayang'ana kukhoma, saka ija ataikhalira, amayi ake ataima pachitseko akuwerenga ndi maso kutafuna kwake. Akamaliza ankandifunsa, "Amayi adya?" Ine n'kuthamanga kukafunsa, n'kubwera ndi yankho lakuti, "Ukamuuze asiye kufunsa zopusa, akhute." Bwalolo linali laling'ono moti ankamvana bwinobwino, koma mawu ankadutsirabe mwa ine.

Zoti m'saka muja munali mfuti sizinabisike. Azimayi a pamalopo anasiya kutuma ana ku mpopi. Bambo wina woyendetsa lole ankalankhula mokweza dala kuti anthu obwera atiphetsa, awathamangitse onse awiri, apo ayi iye akanena yekha kuboma. Che Saidi anaitana adada atangoweruka kuntchito, akadali ndi tayi, n'kukhala nawo pa benchi pafupi ndi khomo lathu.

Adada anayamba ndi malamulo. Anati mfuti si chinthu chosunga pa malo okhala anthu, iyenera kupita kuboma. Za kumtsinjezo anati n'zachikunja, mwanayo akufunika pemphero basi.

"A Gondwe," anatero Che Saidi, "ine ndili ndi swala yanga, inu muli ndi Baibulo lanu, koma mwanayu akugona pa malata. Chitseko chimene akufuna kulowa ndi cha mayi wake, ndipo mayi wakeyo wanena kale chimene chingatsekule. Inu mumadziwa maofesi. Kayendeni kumeneko kuti chitsulochi achilandire osamumanga mwanayu. Za pamalo pano mundisiyire ine."

Adada anang'ung'udza, koma anayenda. Kwa milungu ingapo ankaweruka mochedwa, nsapato zili mbuu, atazungulira m'maofesi pamodzi ndi anthu a mpingo amene ankathandiza othawa nkhondo, mpaka zinatheka kuti mfuti ilandiridwe ndipo Juwawo alembedwe ngati wothawa nkhondo mnzawo. Che Saidi nawo ankalowa khomo ndi khomo, kumwa tiyi wa eni ake n'kumawapempha kuti apirire pang'ono. Wa lole uja anamuyendera kangapo.

Vuto linatsala kwa Juwawo mwini. Adada atamufotokozera zonse bwinobwino, iye anandiloza ine ndi chibwano. "Mfutiyi anandipatsa ndili wocheperako pang'ono kuposa apa ndafikapa, koma mutu unali ngati wa uyu. Sindinagonepo popanda iyo. Ndikaisiya, akabwera nditani?" Adada anamuuza kuti kuno kulibe wobwera. Che Saidi sanakangane naye. M'mawa uliwonse ankatenga sowo yodulira zitsulo n'kuisiya pa tebulo la mu shedimo, madzulo n'kuibweza m'bokosi osanena kanthu.

Mvula yoyamba inagwa masana, ya mphepo, ija imanunkhitsa dothi n'kusefukiza ngalande za ku Old Town. Shedi ya Che Saidi inalibe makoma mbali ziwiri, ndipo denga lake, ngakhale mwini wake anali mmisiri wa malata, linkadontha ngati sefa. Ife tinathawira m'nyumba. Ndili pawindo ndinaona Juwawo atadzipinda pakona, makatoni ake atanyoweratu, atakumbatira saka ija kuti isanyowe. Kenako chitseko cha a Namaseko chinatseguka. Anatuluka ndi kampando kawo, n'kukaika pakati penipeni pa bwalo, n'kukhalapo, mvula ikuwamenya pa duku.

"Amayi, lowani m'nyumba," anakuwa Juwawo.

"Iwe walowa?"

"Mudwala, amayi."

"Ndidwale. Nyumba imene mwana wanga sangalowe ndi ya ntchito yanji kwa ine?"

Amama anatuluka ndi ambulera, iwo anaikankha. Anakhala pamenepo mpaka mvula inakata, milomo itachita mbuu, ndipo madzulo ake tinkamva chifuwa chawo kudzera kukhoma. Kutacha ndinadzutsidwa ndi phokoso limene ndinali ndisanalimvepo pamalopo, chitsulo chikulira pansi pa sowo, pang'onopang'ono, kuima, kuyambanso. Juwawo ankadula mfuti ija yekha. Che Saidi anangokhala pambali akusinthira mano a sowo akabuntha. Inatenga m'mawa wonse, ndipo atamaliza manja ake anali matuza okhaokha. Adada anakulunga zidutswazo m'saka yomwe ija n'kupita nazo pamodzi ndi Che Saidi. Juwawo anatsala atakhala pansi, manja ali pa mawondo, osadziwa powaika.

Anapangana kuti kumtsinje apita Lamlungu m'mawa tchalitchi chisanalowe. Loweruka lake a Namaseko anandiitana ndi chipeso monga mwa masiku onse. Amama anabwera kudzakhala pafupi akusankha mpunga, ndipo patapita nthawi anafunsa chimene pamalo ponse ankafuna kufunsa.

"Za Rozina mwamufunsa? Pajatu mawa ndiye kwatha."

Zala za a Namaseko zinaima m'mutu mwanga.

"Amake Tiwonge, inu nkhondo simukuidziwa. Kumeneko anyamata ankawakakamiza kupha abale awo enieni, kuti asakhalenso ndi kwawo kothawira. Ndikamufunsa, iye n'kundiuza kuti ndi iyeyo, ndidzamuphikira bwanji? Ndikapanda kufunsa, ndidzagona bwanji?"

"Ndiye mutani?"

"Kaya," anatero, n'kupitiriza kuluka. Tsiku limenelo sanakoke. Analuka mofewa kwambiri moti tsitsi linamasuka sabata isanathe.

Tinatsikira ku mtsinje wa Lilongwe kumtunda kwa mlatho, kupyola pamene azimayi ankachapira. Madzi anali ofiira ndi mvula, akukokolola zinyalala za mumsika, ndipo a Namaseko anawayang'ana n'kupukusa mutu, koma mtsinje wina kunalibe. Akuluakulu a kwawo nawonso kunalibe, choncho Che Saidi anaima m'malo mwa amalume. Adada anabwera ndithu, mu suti ya Lamlungu, Baibulo lili kukhwapa, n'kuima patali pang'ono kuti aliyense aone kuti iwo sali nawo, koma malaya amene amama ananyamula kuti Juwawo avale anali awo, osita okha. Ine ndinanyamula beseni.

Juwawo anavula jekete lija ndi zonse n'kutsala ndi kabudula. Msana wake unali ndi zipsera zambiri. Che Saidi anathira palafini pa zovalazo n'kuyatsa, ndipo utsi wake unali wakuda, wonunkha thukuta ndi mphira. A Namaseko anatunga madzi m'beseni, n'kufikisiramo masamba ndi mizu imene anagula kwa azitsamba a mumsika, n'kulowa mumtsinje mpaka m'mawondo. Juwawo anagwada patsogolo pawo. Atangokweza beseni pamwamba pa mutu wake, iye analankhula.

"Amayi, ndisanasambe. Za Rozina..."

Besenilo linaima m'malere. Ndinkaona madzi akutayikira m'mbali n'kumatsikira m'zigongono. Amama anandigwira paphewa mwamphamvu. A Namaseko anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, pakamwa pali pululu ngati akufuna kunena kuti lankhula. Kenako anatseka maso n'kukhuthula madzi onse pamutu pake. Juwawo anayesanso kutsegula pakamwa, koma iwo anali atatunga kale ena.

"Zapita ndi madzi," anatero. "Tuluka. Usacheuke."

Juwawo anavala malaya a adada, manja ake akupyola m'mikono, n'kuyenda patsogolo pathu mpaka kunyumba osacheuka. Pamalo ponse anthu anali ataima m'makomo, ngakhale wa lole uja. Juwawo atafika pachitseko anazengereza, amayi ake n'kumukankha pamsana ndi dzanja. Kameneko kanali koyamba kumukhudza. Ali m'katimo a Namaseko anamugwira nkhope, makutu, chipumi, kumupapasa ngati mmene azimayi amaonera mwana wobadwa kumene, ndipo analira mokweza, kulira kumene anakusunga kuyambira tsiku la pa geti lija. Adada anavula chipewa n'kupemphera pakhomo m'Chitumbuka, pemphero lalitali ngati onse awo, Che Saidi n'kumavomera amina. Tchalitchi tinachedwa.

Nyumba ya ku Area 15 inapezeka chaka chotsatira, tinasamuka. Anzawo ambiri atabwerera ku Mozambiki, a Namaseko anakana, ati kumunda kwawo anakwirirako mabomba ndipo kulibe wowadikira. Juwawo anaphunzira kukhoma zidebe kwa Che Saidi, anakwatira, anabereka ana, ndipo amayi ake anawalera onse ndi chipande chomwe chija. Mwambo anausunga onse awiri. Ndinkawayendera nthawi zina, ndipo sindinamvepo dzina la Rozina likutchulidwa m'nyumba imeneyo. A Namaseko anamwalira ine ndili ku sukulu ya unamwino.

Posachedwapa magetsi atativuta ndinapita ku Area 2 kukagula mbaula. Malo aja anamangapo masitolo, koma Juwawo ndinamupeza chakumsika, pa shedi yake, mutu uli mbuu ndi imvi, magalasi omanga ndi waya ali pamphuno. Anandizindikira ndisanalankhule. Anathamangitsa mwana wake kuti akandigulire zakumwa, n'kundipukutira benchi. Tinafunsana za moyo, za ana, za amene anatisiya. Che Saidi anapita kale, adada anapita, amama nawonso.

"Ndiye kuti pa anthu amene tinali kumtsinje kuja tatsala awiri, alongo," anatero. Anatenga nyundo, n'kuiikanso pansi. "Ndikufuna ndinene kamodzi kokha ndisanafe."

"Nanga mwambo, achimwene?"

"Ndinausunga chifukwa cha amayi. Amayi anagona."

Ndinamuuza kuti anene. Analankhula akuyang'ana malata.

"Rozina mapazi anatupa titangoyenda pang'ono. Amene ankalephera kuyenda ankawapha panjira pomwepo. Ndiye ndinamubereka, pamwamba pa katundu amene anandisenzetsa. Ndinayenda naye choncho mpaka miyendo yanga inayamba kukana. Titafika pa mudzi wina wothawidwa, asilikali akupuma, ndinamulowetsa m'nkhokwe yopanda chimanga, n'kumusiyira chinangwa changa, n'kumuuza kuti asalire mpaka titapita. Asilikaliwo atandifunsa kumene ali ndinati sindikudziwa. Zipsera munaziona zija, zoyamba ndi za tsiku limenelo." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Nkhondo itatha ndinayamba ndapita kumeneko ndisanabwere kuno. Ndinapeza tchire, wofunsa panalibe. Kaya anamutola anthu, kaya anafera momwemo, sindidziwa. Koma ndinamusiya ali moyo, alongo. Ndinkangofuna amayi adziwe kuti ndinamubereka."

Ndinalira pamenepo, pakati pa msika, mayi wamkulu ndi yunifolomu yanga, anthu akudutsa akundiyang'ana.

Mwambo uja sindiunyoza. Popanda iwo mfuti ija sikanadulidwa, anthu a pamalopo sakanamulandira, ndipo Juwawo sakanagona m'nyumba ya amayi ake. Ndinaona ndi maso anga kuti unamubweza mwanayo kwa anthu. Koma nkhani imeneyi imandilemera, ndipo sindikudziwa kokaitula. A Namaseko anamuphikira Juwawo zaka zonse zija, kumuchapira, kumulerera ana, akuganiza kuti mwina ndi iyeyu anapha Rozina, ndipo ankamuphikirabe. Iye ankadya chakudyacho tsiku ndi tsiku akudziwa bwino chimene amayi ake akuganiza, osatha kuwauza kuti ayi.